Theka la Bedi la Fyness

Chipitire ku Joni kukasaka ganyu, Tumbikani ankangotumiza katundu kwa mkazi wake Fyness, mwiniwake osaoneka. Chaka chino anatumiza nyale yaitali ya LED, ati mbande za tomato zizikulira m'nyumba, chisanu cha ku Champhira chisazipsereze. Koma poikoleka nyaleyo sanaganizepo.

Fyness anayesa nsungwi, zinapindika. Chitsulo pakhomo panalibe, kupatula bedi lalikulu limene anagula atangokwatirana. Analimasula yekha, nalikweza pa matola opita ku Mzimba Boma.

Kuseri kwa msika, bambo Zondwayo owotcherera zitsulo analiyeza ndi tepi, napukusa mutu.

"Miyendo inayi ndi mtanda wapamwamba wokolekapo nyale zituluka, mama, koma theka la bedi lipita. Nanga adada akabwera adzagona pati?"

"Dulani, ndapota," anatero Fyness, maso ali kumsewu.

Makina analira, moto unathetheka, ndipo mbali ya Tumbikani inagwa pansi.

Kunyumba Fyness anamanga mabawuti akuchirikiza chitsulo ndi bondo, poti womugwirira panalibe. Anakoleka nyale ija, nandandalika mbande pansi pake, nalumikiza waya ku batire ya sola. Inayaka bwino chomene, timasamba tonse n'kuoneka ngati tavala zatsopano. Anafuna kuitana munthu kuti adzaone, koma aitane ndani?

Kenako anayala theka lotsala lija, nagonapo kuti aliyese. Anatambasula dzanja monga anazolowerera, mbwenu linangolendewera m'malere. Bedilo linamukwana ndendende.