Mankhusu a Mpunga m'Mwendo wa Atelala

Atelala anadulidwa mwendo wakumanzere chifukwa cha matenda a shuga. Kuchipatala anawapatsa wochita kupanga, koma chikho chake chapulasitiki, momwe mumalowa chitsa cha mwendo, sichinkachedwa kung'aluka. Tsiku lina chinathetheka akutsika basi, ndipo anagwa chafufumimba anthu akuona.

Mwana wawo wamkazi ankagwira ntchito m'labotale ya pasukulu ya ukachenjede. Kumeneko ankawotcha mankhusu a mpunga mpaka asanduke phulusa loyera, n'kulitsuka ndi mankhwala, kenako n'kulipera kufikira tinthu take tikhale tosaoneka ndi maso. Ufa umenewo akausakaniza ndi pulasitiki wosungunula, pulasitikiyo ankalimba. Bambo ake ankamutcha Dokotala Phulusa.

"Anzako akuchiza anthu, iwe uli kalikiliki ndi zinyalala," ankatero pomuseka.

Atawapeza ali ndi bandeji pachipumi, ndodo zoyendera zili pambali pa makina osokera, mtima unamuwawa. Anapita kwa mmisiri wopanga miyendo n'kumupempha kuti ayesere limodzi kuumba chikho ndi pulasitiki wakeyo. Mmisiriyo anavomera. Anali atatopa ndi kumata zigamba pa miyendo ya anthu.

Chikho choyamba chinatuluka chosalala, chopepuka, chokongola ndithu. Mwanayo analakwitsa kuwaonetsa bambo ake chithunzi pafoni.

"Bweretsa mawa ndivale."

"Ayi, bambo, sitinachiyese."

"Uchiyesera pa ine. Mwendo ndi wanga."

"Mukagwanso ndiye nditani ine?"

"Ndiye ndizingotsimphina ndi mitengoyi, mwana wanga wophunzira ali pompano? Kapena ukusungira mabwana?"

Mawu amenewo anamulasa. Anatuluka osatsanzika, ndipo kwa masiku angapo sanalankhulane. Kenako anabwera ndi galimoto ya mnzake n'kuwauza kuti akwere, akaone okha.

M'labotale munkanunkha utsi ndi mankhwala. Pakona panali makina omwe ankapsinja chikho chija n'kuchisiya, kupsinja n'kuchisiya, ngati munthu wolemera akuyenda osapuma. Anali atachita zimenezo kuyambira dzana. Atelala anakhala pampando, nkhope ili gwa, osafuna n'komwe kuyang'ana mwana wawo. Anamwa tiyi yemwe anawapatsa. Akuti azinyamuka, anangomva kuti phwa! Chikho chinang'ambika kuchokera pamwamba mpaka pansi.

Mwanayo anatola chidutswa n'kuwaonetsa timadontho toyera pomwe chinathyokera.

"Mwaona apa? Ufa unaundana malo amodzi m'malo momwazikana. Pamene waundanapo m'pamene mng'alu umayambira."

Ankalankhula ngati akuphunzitsa kalasi. Miyezi yambiri inali itapita pachabe. Atelala anatembenuza chidutswacho n'kugwira kunsonga kwake. Kunali kwakuthwa ngati mpeni, ndipo anaganiza za mnofu wa chitsa chawo.

"Uli ndi mankhusu ena?" anafunsa chapansipansi.

"Matumba ali mbwee kuseriku."

"Basi, kawotche. Ine ndodozi sizindiluma."

Ntchito inatenga nthawi kuposa mmene onse ankaganizira. Mwanayo anachepetsa ufa, chikho chinakhala chofewa. Anasintha kasakanizidwe, china chinapindika. Atelala anataya makasitomala ena chifukwa sankatha kuimirira nthawi yaitali poyeza anthu, koma sanafunsenso kuti liti. Patapita chaka, chikho china chinapirira makina aja mpaka mwanayo anachita kuwazimitsa yekha. Madokotala anachiunika n'kulola kuti anthu ochepa ayambe kuvala.

M'chipinda cha mmisiri, atelala anavala mwendo watsopano n'kuyenda mpaka kukhoma, n'kubwerera.

"Ukundipana kuseri kwa bondo."

Mmisiri anaupala pang'ono. Atelala anayendanso, ulendo uno osagwira chitsulo cham'mbali.

"Ukupita kuti tsopano?" atelala anafunsa mwana wawo.

"Kuntchito, bambo. Ndikupezereni kaye galimoto."

"Galimoto ya chiyani? Tiye ndikuperekeze."

Unali mtunda ndithu, dzuwa likuswa mtengo. Panjira atelala ankaima pakhonde la sitolo iliyonse, n'kumafunsa za maloko, mababu ndi zidebe zomwe sankafuna kugula, thukuta lili kamukamu. Mwanayo anadziwa kuti akupuma. Nayenso anayamba kufunsa za zidebe.