Mbewu Imene Inadyedwa pa Maliro

Nkhaniyi anandiuza ndi Goliati, wakabaza amene ananditenga ku Tsangano tsiku lina lole itatifera panjira. Ine ndimayenda kwambiri, ndipo zimene ndimatola m'njira sindizisankha.

Akuti a Yoramu anamwalira kumapeto kwa Malichi, mvula ikutsazika, zaka zija makuponi a feteleza atangoyamba. Mwana wawo Dyton anafika kuchokera ku Blantyre n'kuyamba kuyendetsa zonse. Tsiku lachiwiri amayi ophika anamunong'oneza kuti ndiwo zatha, pomwe a kumpingo anali asanadye. Dyton sanafune kuti anthu akanene kuti pa maliro a bambo ake panali njala. Analowa kuchipinda, napeza mitsuko iwiri yomata dothi pakamwa. Ataimatula anapeza nsawawa zouma zosakaniza ndi phulusa. Anazikhuthulira m'beseni limodzi, nalamula kuti azitsuke aziphike. Anthu anadya, ena mpaka kuyamika.

Atameta, mayi ake, a Selestina, anatulutsa khasu. Anati kudimba sikudikira wolira: nsawawa zimafuna chinyezi chotsalira cha mvula, ukachedwa maluwa amakumana ndi chisanu cha Juni n'kuyoyoka. Anamutuma Dyton akatenge mtsuko wa nsawawa zoyanga, zazitali zija zofuna mitengo, poti ndizo zimachedwa kucha. Zazifupi zikanadikira milungu iwiri.

Dyton anaima pakhomo, naulula kuti mbewuzo ndi zimene anaphikitsa pa maliro.

"Ndinazidziwa zili m'mbale," anatero mayiwo osamuyang'ana. "Ndinameza kuti usanyozeke pagulu. Koma ndimafuna unene wekha."

Iye anati mawa lomwe apita ku Boma akagule mbewu yabwino ya m'mapaketi. Mayiwo anamuuza kuti zazifupi angazipeze kulikonse, koma zimacha zonse mlungu umodzi n'kutha. Zoyangazo a Yoramu anazitenga kwa amayi awo kutsidya kwa malire, ndipo amathyola miyezi iwiri nyumba osasowa ndiwo. Sitolo yogulitsa zimenezo kulibe.

"Upite kwa a Fanizo, ukapemphe."

A Fanizo anali oyandikana nawo dimba. Iwo ndi a Yoramu anakhala zaka khumi ndi chimodzi osapatsana moni chifukwa cha ngalande ya madzi. Dyton anapitabe. Atafika ananjuta pabwalo, nafotokoza zonse maso ali pansi. Mkuluyo anamulekerera mpaka amalize.

"Ndiye mwadyetsa mudzi wonse mbewu, bwana a m'tauni? Ine mbale yanga ndinaibweza. Ndinachita mantha kudya mbewu."

Analowa m'nyumba, natuluka ndi chitini chotseka ndi chiguduli.

"Musandithokoze, si zanga izi. Chaka chilichonse bambo anu akakolola ankasiya kapu imodzi pamwala wa m'malire, n'kumapita osacheuka. Ine ndinkadzala mzere umodzi n'kusunga. Munthu uja ankadziwa kuti mtsuko umafumbwa, nyumba imapsa. Za mwana ndiye sanaziganizire."

Dyton analandira ndi manja awiri. M'mawa mwake anadula mitengo yoyangira mpaka m'manja munatuluka matuza, mayi ake akuponya mbewu ziwiriziwiri m'phando. Zinakwanira mizere itatu yokha. 

Ndinamufunsa Goliati ngati mwalawo anauonapo. Anangoti ndigwiritse, kutsogolo kuli mtsetse.

Zoti mwana wa m'tauni anaphikitsa mbewu ndikuvomereza, ndaonapo zoposa apo. Koma za kapu ya pamwala ndikukayika. Ndikuganiza kuti a Fanizo ankangothyola okha m'malire mwini dimba atachoka, ndipo zinazo anazipeka tsiku lomwelo, kuti mwanayo abwerere kwa mayi ake ndi mbiri yabwino ya bambo ake, osati manyazi okhaokha.