Admin wa Gulu Lija

"Chotsa SIM'yo, iwe Triza! Katundu tagawa kale, foni yagwera ine!"

Bambo aakulu, a Hillary, anali chilili pakhonde, dzanja atatambasula. Panali patangodutsa masiku atatu chiikireni m'manda mng'ono wawo Yoram kuno ku Mlonyeni. Majekete anali atapita, nsapato zitapita.

"Pepani, two minutes yokha," anatero Triza. "Adadi anali admin okha pa group ya bungwe lawo la anthu a makompyuta. Mukaifulasha foniyi, anthu 300 asowa wowalowetsa, mafailo onse apita."

"Ndiye ine ndidikire anthu a pa WhatsApp?"

Triza anatsegula WhatsApp pafoni ija. M'menemo anapeza voice note imene bambo ake anadzitumizira okha ali kuchipatala. Anaidina.

Mawu aja anatuluka otopa, koma akuseka.

"Anzanga, pamsonkhano wokondwerera zaka teni za bungwe mwina sindifika, ndiye mumve pano. Tinayamba anthu folo mu kafe ya ku Boma, magetsi atazima. Ankatiti okonza mawailesi. Lero tili ndi aphunzitsi ku Ludzi, atsikana okonza ma system kuboda. Cholakwa changa n'chimodzi: password iliyonse ndinaisunga ndekha. Ndinkati ndikuteteza bungwe, kumeneko kunali kuopa kuiwalika basi. U-admin mumpatse Zakia. Alibe digiri, koma ndi amene amayankha mafunso a ana atsopano osawaseka."

M'foni muja Yoram anatsokomola nthawi yaitali. A Hillary dzanja lija linatsika.

"Ndipo mukamawerenga oyambitsa, musati folo. Kompyuta yathu yoyamba inachoka kuboda pa njinga ya achimwene anga a Hillary, ataikulunga m'bulangete lawo, mvula ikugwa. Iwo ananyowa, iyo ayi. Sindinawathokozepo. Achimwene amanyazi aja angandikalipire."

Kenako phokoso la bedi, n'kutha.

Triza anapukuta sikirini ndi nsonga ya chitenje. Anafufuza dzina la Zakia, n'kudina Make group admin. Ma message anayamba kugwa ngati matalala, koma sanawerenge. Anagwada, foni m'manja awiri.

"Ndamaliza, bambo. Tengani."

A Hillary anayang'ana kumunda kwa fodya.

"Linali bulangete la amayi ako aakulu," anatero. "Ananditukwana sabata yathunthu."

"Tengani, ndi yanu."

"Sindikufuna. Usafufute kanthu m'menemo."

Anavala chipewa, n'kutsika pakhonde osacheuka.