Ng'oma ya Wapampando

Situdiyo ya Zubair inali kuseri kwa shopu ya mafoni kwa Mponda, kachipinda kotentha kokhomedwa matireyi a mazira m'makoma. Kumeneko n'kumene kwaya ina ya Angilikani yochokera kutsidya kwa nyanja inabwera kudzajambula nyimbo zake.

Woimba ng'oma anali a Fletcher, wapampando wa kwayayo. Luso lawo lalikulu pa ng'omayo linali loti anaigula ndi iwowo. Ankayamba nyimbo ngati munthu wothamangira minibasi, pakati n'kufooka, kenako n'kudzidzimuka, liwiro n'kuyambiranso. Oimba onse ankangowatsatira, maso ali pamanja awo.

Kwaya itapita, Zubair anatsegula nyimboyo pakompyuta. Pasikirini pamakhala mizere yosonyeza pomwe ng'oma iyenera kugwera, koma kugunda kwa a Fletcher kunali ponseponse kupatula pamizerepo. Anatseka mawu a oimba kuti asamusokoneze, n'kutha tsiku lathunthu akudula kugunda kulikonse ndi kukukokera pamzere, mpaka ng'oma inayenda ngati asilikali pa perete.

Loweruka a Fletcher anabwera kudzamvetsera, limodzi ndi mayi Enid, otsogolera nyimbo m'kwayamo. Zubair anatsegula ng'oma ndi mawu pamodzi, n'kutsamira pampando monyadira. Ng'oma inayenda bwino zedi. Koma oimba, mayo ine! Apa atsogola, apa atsalira, aleluya n'kumafika ng'oma itadutsa kalekale. Zubair anali atawongola munthu mmodzi n'kupotoza kwaya yonse.

A Fletcher anawomba m'manja.

"Mwamva, mayi Enid? Ine ndakhala ndikunena. Tamvani mmene dzanja langa likuyendera! Koma azimayi anuwa, ngati asenza madengu a usipa pamchenga."

Mayi Enid ng'oma ya wapampando wawo ankaidziwa bwino, ndipo iyi sinali imeneyo.

"Bambo wapampando," anatero mofatsa, "njinga yanu ija mwaisiya padzuwa. Matayala aphulika."

A Fletcher atangotuluka, mayiwo anatembenukira kwa Zubair.

"Achimwene, ng'omayi mwaitani?"

"Ndangoiwongola pang'ono, mayi."

"Pang'ono? Ife tatha zaka tikuphunzira kutsimphina nawo bambowa, inu n'kuwachiritsa osatiuza. Ndiye titsimphine tokha? Bwezerani mmene inalili."

"Koma mayi, ndagwira tsiku lonse."

"Mulungu waona. Bwezerani."

Zubair anadina mbewa ya kompyuta mtima ukuwawa, ntchito yake yonse n'kufufutika. A Fletcher atalowanso, Zubair anaitsegulanso nyimbo ija. Ng'oma inathamanga, oimba n'kuthamanga nayo. Inafooka, iwo n'kuidikira. Nyimbo inakoma.

A Fletcher anatsinzina, mutu ukugwedera.

"Eyaa! Iyi ndiye nyimbo. Mwawatani azimayiwa?"

Zubair anatsegula pakamwa kuti anene zoona. Mayi Enid anatsokomola.

"Ndawawongola pang'ono, bambo," anatero Zubair.

Nkhani inafala kuyambira kwa Mponda mpaka ku Malindi, a Fletcher ndiwo ankaifalitsa: pali Msilamu wina ali ndi kompyuta yowongola mawu a azimayi. Makwaya anayamba kufola pakhomo pa situdiyo. Zubair sanatchukepo chonchi chifukwa cha ntchito yomwe anagwiradi.

Patapita mwezi anakumana ndi mayi Enid mumsika wa pa Boma, akusankha matimati.

"Nanga a wapampando ali bwanji?"

"Ali bwino kwambiri," anatero mayiwo. "Masiku ano tikakumana pophunzira nyimbo, amatikhazika pansi n'kutitsegulira nyimbo yanu ija, ati timvetsere bwino kuti tsiku lina tidzathe kuimba ngati azimayi a m'kompyutawo."

"Ndiye inu mumati chiyani?"

"Timati tiyesetsa, bambo."