Mfuti m'Chikwama cha Karima

Mwamadi Yaseen anali wowotcherera zitsulo wodziwika ku Mchesi. Mageti, mbaula, mafelemu a mawindo, zonse zinkatuluka m'manja mwake zosalala ngati zogula m'sitolo. Kunyumba kwake ku Biwi ankasunga mwana wa mlongo wake, Karima, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu, amene mayi ake anamutumiza kuchokera ku Machinga kuti adzaphunzire m'tauni.

Tsiku lina kunabwera Levison, mlimi wa ku Njewa, akudandaula kuti akuba amutherera mbuzi. Ankafuna mfuti ya paipi, yongowopsezera. Mwamadi anakana kawiri, kachitatu anavomera, pakuti mumtima ankafunanso kuona ngati manja ake angathe chinthu chotere. Anaipanga masiku atatu kuseri kwa shedi yake yogwiriramo ntchito. Itatha, mantha anamugwira. Mwamuna wandevu wonyamula phukusi amasechedwa pamsewu, koma mwana wasukulu ndani angamuyang'ane? Loweruka m'mawa anaikulunga m'chitenje, n'kuiika m'chikwama cha Karima.

"Ukapereke kwa a Levison pamsika wa Njewa. Ndi zitsulo za mjigo. Usamasule."

"Chabwino, amalume."

Pamsewu wa ku Mchinji apolisi anaimitsa minibasi pofunafuna chamba, ndipo anasecha zikwama zonse, mpaka anaipeza mfuti ija m'chikwama cha Karima.

Mwamadi atafika kupolisi masana amenewo, anapeza Karima atakhala pabenchi, mpango utasendera kumbuyo, maso ali psuu. Wapolisi wachizimayi woona za ana anafunsa chiphaso cha kusikelo kuti atsimikize zaka zake, n'kufotokoza kuti mwana sagona m'selo limodzi ndi akuluakulu. Kenako anawerenga zimene Karima ananena: akuti phukusilo analitola pafupi ndi mlatho, ndipo ankafuna kukagulitsa ngati zitsulo zakutha.

Wapolisiyo ankamuyang'ana Mwamadi, kudikira kuti kholo liyankhulepo.

"Iwe mwana," anatero Mwamadi ndi mawu okweza, "ndinakuphunzitsa kutola zinthu m'misewu ine? Wandichititsa manyazi!"

Karima anadzutsa mutu, n'kumuyang'ana kamodzi, n'kuweramanso.

Mlandu wa mfuti ndi waukulu, sukanathera papolisi ndi malangizo chabe. Karima anamutengera kunyumba yosungirako ana odikira milandu, ndipo anakhalako milungu isanu.

M'milungu imeneyo Mwamadi anaonda. Lachisanu ku mzikiti anthu ankamugwira dzanja n'kumati, "Pepani, ana a masiku ano." Shehe anamupempherera kuti Mulungu amupatse chipiriro. Mlongo wake Khadijah anaimba foni akulira: "Achimwene, mundikhululukire. Munandilandirira mwana, iye wakuyalutsani." Mwamadi anangoti, "Zimachitika," n'kudula foni, n'kukhala pansi pa shedi mpaka makina anazizira.

Kunyumba kunabweranso Amayi Pauline, a ku ofesi yoona za chisamaliro cha ana, kudzalemba lipoti la kukhoti. Anaona chipinda cha Karima, makope ake a Fomu 2 okutidwa bwino, anafunsa anthu oyandikana nawo nyumba. Pochoka anati, "Bambo, ana ambiri amene ndimawaona alibe ngakhale wodzawazonda. Uyu ali ndi mwayi kukhala ndi malume ngati inu." Mwamadi anawaperekeza mpaka pageti osatha kuwayang'ana kumaso.

Kawiri konse anapita kukamuona Karima atanyamula buledi ndi sopo. Mtsikanayo ankalandira ndi manja awiri, n'kuthokoza. Za mfuti Karima sanazitchule, ndipo Mwamadinso sanazitchule.

Khoti la ana linali kachipinda kakang'ono, kopanda anthu odzaonerera. Woweruza anali mayi wachikulire wosavala mkanjo, atakhala patebulo limodzi ndi onse. Khadijah anali atafika m'mawa womwewo pa basi. Patebulopo panali mfutiyo, itamangiriridwa kapepala.

"Karima," anatero woweruza mofatsa, "pano sitinabwere kudzakulanga. Tikufuna kudziwa chimene chingakuthandize. Lipoti likuti ndiwe mwana wakhalidwe, wakhama kusukulu. Koma mfuti sitoleka pamlatho itakulungidwa m'chitenje chochapa. Anakupatsa ndani?"

"Ndinatola, amayi."

"Ukapanda kunena, ine ndiganiza kuti kunjaku kuli anthu amene akukutuma, ndipo sindingakubwezere kumene angakupezenso. Ndiyenera kukutumiza kusukulu yosinthira ana khalidwe, mwina zaka ziwiri. Wamva?"

"Ndamva."

"Ndiye anakupatsa ndani?"

Khadijah anamugwedeza phewa. "Nena, mwanawe! Ukubisa ndani?"

Misozi inagwera pa siketi ya Karima. "Ndinatola."

Woweruza anapumira m'mwamba, n'kutenga cholembera. "Bambo Yaseen, inu ndinu womusunga. Muli ndi mawu khoti lisanagamule?"

Mwamadi anaimirira. Anali atakonza zoti apemphe chifundo, kuti mwanayo ndi wamng'ono, kuti adzamuyang'anira. Koma mawu amenewo anawasiya. Anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Mwanayu sanatole," anatero. "Mfutiyo ndinapanga ndine. Ndinamuikira m'chikwama ndine. Ndinamunamiza kuti ndi zitsulo za mjigo."

Amayi Pauline anatseka fayilo yawo pang'onopang'ono. Khadijah anayang'ana mchimwene wake ngati munthu amene sanamuonepo.

"Milungu isanu," anatero woweruza. Sanakweze mawu. "Milungu isanu mwana ali m'manja mwa boma, inu mukugona kunyumba kwanu."



Khoti linamasula Karima tsiku lomwelo, n'kumupereka m'manja mwa mayi ake, ndipo linalamula kuti a ofesi ya ana ku Machinga azikamuyendera miyezi isanu ndi umodzi. Mwamadi anauzidwa kuti mlandu wake ukazengedwa kukhoti la akuluakulu. Wapolisi anamugwira mkono.

Pakhonde anakumana. Khadijah anatembenukira kukhoma. Karima anaima, manja ali kumbuyo.

"Karima," anatero Mwamadi, "bwanji sunanene?"

"Ndimadikira kuti munene nokha, amalume."

Levison anagwidwa patatha masiku awiri. Mwamadi anavomera mlandu osavuta, ndipo anamugamula kukakhala kundende zaka zinayi. Shedi ya ku Mchesi anaitenga munthu wina wokonza njinga. Karima anaphonya mayeso chaka chimenecho, anabwereza kalasi kusukulu ya kwawo. Ali kundende, Mwamadi anamulembera makalata atatu, koma awiri anawang'amba yekha asanatumize.