Makhadi Awiri

Mwana wanga wamkazi ali ku yunivesite. Akuti amaphunzira za chitukuko, za ufulu wa anthu ndi za kuteteza othawa kwawo. Ine sukulu ndinalekeza kalasi yachinayi. Ndimasoka nsapato pakhonde la sitolo ya zitsulo, ndipo sindinamvepo kuti munthu wothawa nkhondo anatetezedwa ndi buku.

Anabwera kudzakhala masiku asanu okha, atanyamula kamakina kojambulira mawu ndi mulu wa mapepala. Aphunzitsi ake anamutuma kuti acheze ndi anthu amene anakhalapo m'misasa ya othawa nkhondo. Mumsewu mwathu tilimo angapo. Anayambira ine, ndili pabenchi panga ndi nsapato ya mayi wina pabondo.

"Bambo, musanayankhule musaine kaye apa."

"Ndisaine chiyani?"

"Kuti mwavomera nokha, palibe wakukakamizani. Ndi lamulo la kusukulu."

"Amene anandilemba dzina kale aja analinso ndi lamulo lawo. Ankamwetuliranso ngati iwe."

"Koma Bambo, ine ndine mwana wanu."

"Pepalalo si mwana wanga."

Telala amene amasokera pafupi nane anaseka mpaka kutsokomola. "Bwera kuno mwanawe, ine ndisaina ngakhale kawiri! Bambo akowa amaopa kuti cholembera chiwaluma."

Anapitadi. Masiku atatu anathera kwa telalayo, ine ndikumvetsera kuseri kwa matabwa otilekanitsa. Mkuluyo amanama ndithu. Akuti anawoloka mtsinje makina osokera ali pamutu, chonsecho makinawo anawapeza konkuno, ine ndikuona. Mwana wanga ankaseka, kuseka kumene sindinakumve kunyumba chimwalirire mayi ake. Ine ndinkangokhoma misomali, ina yosafunika n'komwe.

Chimene iye sankadziwa n'chakuti ndinali ndi mng'ono wanga. Tinkamutcha Mapazi, chifukwa nsapato iliyonse inkamuthina. Tinafika kumsasa tili awiri, makolo atatsala m'njira. Pamzere wolembetsa mayina munthu wina anandinong'oneza kuti aliyense wolembetsa yekha amalandira poto wake, bulangete lake ndi lona lake. Nzeru ndinaziona ngati zabwino. Ndinauza Mapazi kuti akaime kumbuyo, pakati pathu pakhale anthu khumi, ndipo asandiyang'ane. Anamvera, poti mkulu wake ndinali ine. Tinatuluka ndi makhadi awiri, mapoto awiri, tikuseka.

Patatha chaka kunabwera malole odzasamutsa anthu ena kupita kumsasa wina wakutali. Ankaitana manambala a makhadi. Ya Mapazi inatuluka, yanga ayi. Ndinathamangira patebulo kukanena kuti uyo ndi m'bale wanga, mimba imodzi. Kalaliki anatsegula buku n'kundilozera.

"Apa palembedwa kuti muli nokha. Chala chadindidwa apachi si chanu?"

Chinali changa. Lole inanyamuka Mapazi ataima kumbuyo, akundiyang'ana tsopano. Papita zaka makumi anayi. Anthu amati wosoka nsapato amayang'ana pansi chifukwa akufuna ntchito. Ine ndimayang'ana mapazi a mwamuna aliyense wodutsa, ndipo akakhala aakulu ndimadzutsa mutu.

Tsiku lachisanu basi ya mwana wanga inali yonyamuka masana. Anafika pabenchi ndi chikwama kumsana kudzatenga nsapato yake imene ndinkaisoka lamba. Ndinali nditamaliza dzulo lake, koma ndinapitiriza kuipukuta. Ndinadziwa kuti akakwera basiyo abweranso chaka chamawa, ndipo chifuwa changachi sindichikhulupirira. Ndikapita ine, palibenso wodziwa kuti Mapazi anakhalapo.

"Iwe, m'mabuku akowo amanenamo za munthu amene analembetsa kuti ali yekha pamene sanali yekha?"

Anatsitsa chikwama. "Amanena. Mabanja ambiri anachita zimenezo chifukwa cha njala ndi kuzizira."

"Ambiri?"

"Ambiri, Bambo. Mukufunsiranji?"

Ndinakhuthula chitini cha misomali. Pansi pake panali khadi langa, lokulungidwa m'pulasitiki, lachita dzimbiri m'mbali. Ndinamufotokozera zonse, kamakina kaja kali m'chikwama. Sanakatulutse. Telala naye anaimitsa makina ake.

"Zaka zonsezi ndili ndi bambo aang'ono, inu osandiuza?"

"Ndikanakuuza kuti chiyani? Kuti ndinamusinthanitsa ndi poto?"

Anatenga khadilo n'kuliyang'anitsitsa. "Munati pakati panu panali anthu khumi? Ndiye kuti nambala yawo ili pafupi ndi yanuyi. Pali anthu amene ntchito yawo ndi kufufuza abale otayana, ndipo mabuku a m'misasa ina anasungidwa. Sindikulonjeza, Bambo. Mwina buku lawo linatayika. Mwina iwo..."

"Ndikudziwa. Usamalize."

"Koma pafunika fomu, ndipo wosaina ndi inu."

Anaitsegula pafoni, n'kuthamangira kusitolo ya pakona kukaisindikiza. Ndinamuuza kuti andiwerengere mzere uliwonse, kawiri. Pamene pankafunsa ubale ndinati aike chala chake kuti ndione pomwe akulemba. Analemba kuti mng'ono wake. Pamene pankafunsa zizindikiro za pathupi ndinati, "Lemba kuti mapazi aakulu kwambiri. Chala chachikulu chakumanzere n'chopindika."

Kenako ndinasaina, pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi.

"Cholembera chakulumani?" anafunsa telala, koma mawu ake anali otsika.

Mwana wanga anakwera basi ija atavala nsapato yosokedwa bwino, khadi langa lili m'chikwama chake. Papita miyezi itatu. Amaimba Lamlungu lililonse, zimene kale sankachita, ndipo amayamba ndi kunena kuti palibe yankho. Ine ndimati ndinadziwa kale, anthu a mapepala ndi omwewo.

Sabata yatha ndinadula zopondera ziwiri za nsapato pa tayala labwino, zazikulu kuposa za kasitomala aliyense amene ndili naye. Zili pansi pa benchi. Chikopa chapamwamba sindinadule, chifukwa sindikudziwa ngati mapazi a mng'ono wanga anatupa ndi ukalamba monga angawa.