Kapu ya Che Maryam

Ine ndine Nelia, ndimawotcherera zitsulo pa Liwonde, ndipo ntchito yanga ndimaidziwa. Boti la achimwene anga a Jasten nditangolisuzumira kunsi, ndinaona pomwe panagona vuto. Silinali lofuna sing'anga ayi.

Botilo anatisiyira malemu bambo athu. Limayenda mu Shire, kunyamula alendo oona mvuu ndi anthu opita kumaukwati kumidzi ya tsidya la Balaka. Bambo anaikamo kachimbudzi kumbuyo, ndipo anthu ankawatama. Koma thanki ya zonyansa ndi thanki ya madzi akumwa anazigoneka pamodzi pansi pa matabwa ngati mapasa, n'kukhomerera ndi misomali. Polowera panali pamodzi, kabowo kongokwana mapewa. Pofuna kutsuka, a Jasten ankalowa chokwawa, n'kumatunga zonyansazo ndi kachitini.

Tsiku lina akutuluka m'kabowomo, kachitini kali m'manja, anakumana maso ndi Che Maryam, amene amatsogolera amayi a kumzikiti pamaulendo awo a sadaka. Zaka zonsezi mayiwa ankasamba madzi a m'botimo asanaswali, ndipo owatungira m'kapu anali a Jasten.

“Madzi aja amachokeranso momwemo?” anafunsa Che Maryam.

A Jasten anavomera. Mayiwo sanakalipe. Kungoyambira pamenepo ankabwera ndi chigubu chawo, ndipo chochokera m'manja mwa a Jasten sankalandiranso, ngakhale chingwe chogwirira pokwera.

Achimwene zinawapweteka zedi. Ankasamba m'manja mpaka sopo kutha, kenako n'kumadzinunkhiza zala poganiza kuti sitikuwaona. Ine zimenezo zinanditopetsa.

“Achimwene, tidule pansi apa,” ndinatero.

“Iyayi! Mbawa imeneyi anakhoma okha bambo.”

“Bambo anali owonda ngati bango, ankalowa bwinobwino. Inu ndi mimba imeneyo, tsiku lina tidzakuzulani ndi thirakitala.”

Sanaseke.

“Ndiye musankhe, matabwa kapena manja anu. Komatu thabwa sinditaya ngakhale limodzi.”

Anandipatsa nkhongo n'kumayang'ana kumadzi. Koma titakokera boti pamtunda, sowo anandipatsa okha, n'kupita kukakhala patali kuti asamve kulira kwake.

Thanki ya madzi ndinaisamutsira kutsogolo, pansi pa benchi. Ndinaiikira mpopi ndi chivindikiro chachikulu choti munthu n'kupisamo mkono ndi burashi. Ya zonyansa inatsala kumbuyo, koma ndinaiwotcherera tinjanji tiwiri. Umangotseka vavu, kumasula paipi imodzi, n'kuikoka ngati dirowa, anthu awiri n'kukaikhuthula kudzenje kumtunda. Kachitini kaja ndinakaponda ndekha, mokondwa. Matabwa amene ndinadulawo ndinawamanga pa felemu ya chitsulo, n'kukhala chitseko cha potulukira thankiyo. A Jasten anachitsekula ndi kuchitseka kangapo, akusisita zipsera za hamala ya bambo.

Ulendo wotsatira wa sadaka, amayi aja anafika atavala zofanana, chigubu chili pamutu pa mmodzi wa iwo. Ine ndinali nditadikira kale pagombe.

“Che Maryam, musanakhale pansi, taonani kaye ntchito yanga.”

Mayiwo sapupuluma. Anayambira kumbuyo, n'kuona thanki ikutuluka yotseka. Anayenda boti lonse mpaka kutsogolo akuyang'ana pansi, kufufuza ngati pali paipi yolumikiza ziwirizo. Kenako anavundukula chivindikiro, anasuzumira, ananunkhiza. Nthawi yonseyo a Jasten anali ataima pa injini, manja atabisa kumbuyo.

Ndinathamangira kapu kuti ndionetse mmene mpopi wanga umatulutsira madzi.

“Mwanangu, ntchito yako taiona, waikhoza,” anatero Che Maryam. “Koma kapuyo si yako. Apatse a Jasten.”

Achimwene anabwera pang'onopang'ono. Munthu amene amawongolera boti pakati pa mvuu osaphethira, tsikulo anataya madzi kawiri asanadzaze kapu. Ananjuta n'kuipereka.

Che Maryam anailandira ndi manja awiri. Ine ndimayembekeza kuti angosamba, monga kale. Iwo anatchula dzina la Mulungu chapansipansi, n'kumwa onse mpaka kapu kupenya kumwamba. Atatero anaibweza m'manja mwa a Jasten.

“Onjezerani, baba. Anzangawa nawonso ali ndi ludzu.”